Posita ya Atsibweni Anga

Ine ntchito yanga ndi salaula, kugulitsa zovala zovalidwapo kale. Ndili ndi benchi pamsika wa Katete, ndipo peji ya pa intaneti imene anthu amandidziwira ndinaiyamba mwangozi, chifukwa cha ng'ombe. Mnansi wathu ng'ombe zake zinasowa, bambo wa anthu n'kumangozungulira mudzi osadya. Ine ndinalemba pafoni mtundu wake, ndi kuti imodzi inali ndi nyanga yopindikira pansi. M'mawa mwake munthu wa ku Mkaika anaimba kuti waziona zikudya m'dimba la eni ake. Basi, mbiri inabuka kuti mayi wa salaula uja akalemba, zinthu zimapezeka.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunditumizira zawo. Ogula thonje afika mudzi uti, mlatho uti wakokoloka, ndani waiwala thumba la mtedza m'minibasi ya ku Chipata. Ndinkalemba ndili pabenchi pomwepo, dzanja lina likupinda masiketi. Dzina langa linafa, msika wonse n'kumangoti "a peji". Kenaka anayamba kubwera mauthenga a maliro, ndipo amenewa ndiwo anakulitsa peji, chifukwa ana a kuno ali mbwee ku Lusaka, kumigodi, ena ku Tete, ndipo aliyense amafuna kudziwa amene watisiya kumudzi.

Pa maliro ndinali ndi lamulo limodzi lokha. Sindilemba mpaka mwini mbumba atandiimbira yekha, ndi pakamwa pake, kuti abale onse amva. Ena ankandikwiyira kuti ndikuchedwetsa uthenga, ine n'kuwauza kuti akwiye. Kwathu imfa sauza munthu ali chiimire. Mbale wapamtima akakhala kutali, mumatuma munthu kukamutenga, ndipo wotumidwayo amangoti matenda akula, tiyeni. Akafika kumudzi mumamukhazika pamphasa, amayi akuluakulu n'kukhala mbali iyi ndi iyi, kenaka wamkulu wa pabanja n'kumuuza bwinobwino. Akagwa, amagwera m'manja mwa abale ake. Ine ndinakula ndikuona zimenezi, ndipo sindinkafuna kuti foni yanga ilande akuluakulu ntchito yawo.

Chaka cha chisankho chitafika, ndinayamba kulandira moni wochuluka. Poyamba unali uthenga wa pafoni: "Asisi, ntchito yanu timaiona, mukutumikira dera." Sindinayankhe, ndinkaganiza kuti ndi aja amati wapambana mphoto. Patapita masiku anabwera yekha pabenchi, bambo wa msinkhu wanga, waulemu, mafoni awiri m'manja, ina ikulira ina ikuthwanima. Anagula buluku osanenerera mtengo, ine n'kudziwiratu kuti uyu sanabwerere buluku. Anati ndi wa zofalitsa nkhani mu kampeni ya bwana wina amene ankafuna uphungu, ndipo akusonkhanitsa mabuloga onse a Katete, Sinda ndi Vubwi.

"Mabuloga ndiwo ndani?" ndinafunsa.

"Inuyo, asisi. Inu ndinu buloga wamkulu kuno."

Koma abale! Ndagulitsa zovala zaka zonsezi osadziwa kuti ndili ndi udindo.

Anatiitanira kuloji ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinapezako wolemba za mpira, mayi wojambula maukwati, mphunzitsi wina wa ku Vubwi amene tsiku ndi tsiku ankadandaula za msewu wa kwawo, ndi anyamata a nthabwala aja amavala mawigi. Tinadya nkhuku ndi tchipisi, aliyense n'kupatsidwa tisheti ndi chitenje. Atatha kudya, wa mafoni awiri uja anaimirira n'kufotokoza mmene ntchito iziyendera. Anati masiku ano munthu sakhulupirira chimkuzamawu cha pagalimoto, amakhulupirira munthu amene amamudziwa, ndiye ife tisamalembe kuti voterani uje ayi, tizingoonetsa bwana ali pamjigo, bwana ali kutchalitchi, bwana akupereka mpira. Anatiika tonse m'gulu limodzi la pafoni. M'mawa uliwonse m'gulumo munkagwa zithunzi ndi mawu okonzeratu, ife n'kusinthako pang'ono kuti zisaoneke ngati zachokera m'kamwa limodzi. Pakakhala msonkhano ankatumiza galimoto kuti tikajambule anthu akuvina. Wina akatukwana bwana m'munsi mwa nkhani, tinkayenera kumuyankha ngati anthu wamba amene zawapweteka. Malipiro ake anali bandulo ya intaneti sabata iliyonse, ndi lonjezo loti bwana akapambana sadzaiwala.

Bandulo ndinkalandira, sindibisa. Foni siyendera madzi. Koma ndinawauza poyera kuti ine ndizilengeza misonkhano ndi zimene bwana walonjeza, ndipo pamwamba ndizilemba kuti uwu ndi uthenga wa a kampeni, kuti wowerenga adziwe. Zotukwanizana ndi anthu amene mawa adzabwera kudzagula malaya a ana awo ndinakana. A chipani china nawonso sanachedwe, anabwera ndi mawu omwewo ngati anaphunzira kalasi imodzi, kungosiyana mtundu wa chitenje. Amenewo ndinawauza kuti tsiku la msonkhano wawo ndizililemba ulere, koma gulu lachiwiri ayi, mapanga awiri avumbwitsa.

Chinthu chimene wa mafoni awiri ankachifuna kwenikweni kwa ine anachinena tsiku lina tili awiri.

"Asisi, maliro amayamba kufika kwa inu. Mukamva, muzititsinako khutu ife poyamba. Bwana amafuna kuthandiza, bokosi, ufa, galimoto."

"Thandizo ndi labwino," ndinatero, "koma muzimva limodzi ndi anthu onse, eni ake akaloleza."

"Tikadikira pamenepo, a chipani china amakhala afika kale."

"Ndiye mukuthamangira maliro ngati bale yatsopano?"

Anaseka, sanakwiye. Anati palibe vuto, ali ndi anthu awo m'wadi iliyonse amene ntchito yawo ndi yomweyo. Ndipo zoona, kampeni itatentha, m'gulu muja munayamba kugwa maposita a maliro. Onse ankaoneka chimodzimodzi: m'mphepete mwakuda, kandulo, nkhope ya bwana yaikulu atapinda manja, mawu achipepeso, ndipo pakona kachithunzi ka womwalirayo, kakang'ono ngati ka pachitupa. Ankawakonza munthu wina ku Lusaka amene sindikhulupirira kuti anapondako ku Vubwi. Anzanga ankawaika pamapeji awo nthawi yomweyo. Ine sindinkaika, ndipo palibe ankandikakamiza.

Tsiku limene ndikufuna kunena linayamba ngati masiku onse. Ndinali ndikumasula bale m'mawa, foni n'kulira. Anali atsibweni anga aang'ono, mlongo wawo wa amama, akuimba kuchokera kumudzi kwathu ku Vubwi. Mawu ankaduka, chifukwa kwathu foni imati ikagwira netiweki ya kuno, kenaka n'kulumphira ya ku Malawi.

"Iwe mwana, khala pansi. Achimwene atisiya m'bandakucha uno."

Ndinakhala pabale pomwepo.

"Usalembe. Wamva? Pita ku Sinda ukatenge amayi ako. Ukawauze kuti matenda akula. Ife tiwadikira kuno, tiwauza tokha."

Amene anamwalirawo anali atsibweni aakulu. Makolo awo atafa, iwowa ndi amene analera amama. Ankawabereka kuwaolotsa mtsinje popita kusukulu, ndipo amama atakwatiwa n'kupita ku Sinda, atsibweni ankapalasa njinga ulendo wonsewo kungodzaona ngati mlongo wawo akudya. Amama amadwala BP. Atate atamwalira, munthu wina wopanda nzeru anawauza ali pachitsime, anagwa pomwepo, ndipo mwendo wawo wakumanzere mpaka lero umakoka. Ndiye ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi: kuwafikitsa ku Vubwi asanamve.

Ndinasiyira mnzanga benchi n'kukwera ya ku Sinda. Ndinalira m'minibasi mpaka misozi inatha, kuti ndikafike ndi maso ouma. Amama ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza.

"Iwe, lero si tsiku la msika? Kwagwanji?"

"Atsibweni aakulu matenda akula, amama. Akuti mupite."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuyang'ana mtedza. Atsibweni anali akudwaladwala kuyambira nthawi yokolola, ndiye uthengawo sunali wachilendo. Anadzuka n'kuyamba kulongedza m'dengu. Anaikamo ufa wa mawere, ati mlongo wawo akadwala sadya phala lina. Anathyola malalanje kuseri kwa nyumba, anatenganso bulangeti lawo latsopano. Ine ndinawapempha kafoni kawo ka mabatani kuti ndikaike pachaji, n'kukazima, n'kukaponya pansi pa chikwama changa. Ndinadziona wochenjera ndithu.

Kuchokera ku Sinda kupita ku Vubwi timadzera ku Chipata. Tinakwera minibasi, amama kuwindo, ine pambali pawo. Tisanafike ndi pa Katete pomwe, foni yanga inayamba kunjenjemera osaleka. Ndinaisuzumira pansi pa chikwama. M'gulu la mabuloga munali posita yatsopano. M'mphepete mwakuda, kandulo, bwana atapinda manja, ndipo pakona atsibweni anga atavala jekete lawo la kutchalitchi. Pansi pake wa mafoni awiri anali atalemba kuti: "Awa ndi atsibweni a mnzathu wa peji ya ku Katete. Tonse tiike pompano, tisonyeze chikondi."

Munthu wa kampeni wa m'wadi ya kwathu ku Vubwi anali atamva kulira m'mudzi, n'kutumiza uthenga, n'kuonjezera kuti malirowa ndi a kwa buloga wathu. Iwo kumeneko anaona ngati mwayi wondilemekeza. Ndinaimbira wa mafoni awiri, foni yoyamba inangolira, yachiwiri inali pa mzere wina. Ndinalemba m'gulu momwemo kuti chotsani, amama sanamve, koma mawu anga anakwiririka ndi ma "pepani asisi" ndi tizithunzi ta manja opemphera. Wa mafoni awiriyo ndinamulembera payekha, sanatsegule. Mphunzitsi wa ku Vubwi yekha ndiye anamva n'kuchotsa. Wa mpira anandiyankha kuti anthu atenga kale, ngakhale achotse sizithandiza, ndipo sananame.

"Ukulimbana ndi chiyani pafonipo?" anafunsa amama.

"Makasitomala, amama."

"Uwauze kuti uli ndi matenda. Anthu a m'tauni alibe chisoni."

Pa Katete minibasi inaima kutsitsa ndi kukweza. Kondakita wake amandidziwa, ndinamupezerapo thumba la kasitomala. Atandiona bwinobwino anavula kapusi n'kuyamba, "Aaa, a peji, pepa..." Ndinamuponda phazi ndi mphamvu zanga zonse. Anakuwa, amama n'kutembenuka, ine n'kunena kuti ndatsetsereka. Ndinatsika ngati ndikukagula madzi, n'kumukokera kuseri kwa minibasi.

"Awo ndi amama. Sakudziwa. Ukangotsegula pakamwa, ndikulemba kuti minibasi yako ilibe mabuleki."

"Ine! Ayi, a peji, ndamva. Siyirani ine."

Mnyamatayo anagwira ntchito, ndimuyamike. Potolera ndalama ankawerama pa munthu aliyense n'kunong'ona. Ndinaona uthenga ukuyenda mpando ndi mpando, anthu akusuzumira amama n'kubweza maso msanga. Mtsikana wina kutsogolo kwathu, amene posita ija inali pafoni pake, anaitembenuza n'kuikhalira. Dalaivala anazima wailesi. Minibasi ya ku Chipata imene anthu amakangana za ndale njira yonse inangoti zii.

Amama okha ndi amene ankayankhula. Anapalana ubwenzi ndi mayi wina wonyamula nkhuku amene anakhala kumbuyo kwathu, n'kuyamba kumufotokozera za mlongo wawo. Kuti ndi munthu wamakani, mankhwala amabisa pansi pa pilo. Kuti akazi ake phala amalipanga lamadzimadzi, ndiye akafika aphika okha. Kuti ulendo uno samusiya, amutengera ku Sinda akakhale pafupi ndi chipatala mpaka mvula itagwa. Mayi wa nkhuku uja ankangoti, "Mulungu ndi wamkulu, amama," maso ali pawindo. Ine ndinaluma mlomo mpaka unatupa.

Tinafika ku Chipata dzuwa lili pamutu. Ndinawatengera amama pamene pamaima galimoto za ku Vubwi, ndinawapezera pokhala pamthunzi, dengu lawo pamiyendo. Galimoto inali isanadzaze. Mumtima ndinati zatheka, kwatsala msewu umodzi, ndipo kutsogoloko netiweki imasowa yokha. Ndinapita kukagula mabanzi pafupi pomwepo.

Pobwerera ndinaona pikapu itaima, yomata nkhope ya bwana mbali zonse, zimkuzamawu pamwamba. Kumbuyo kwake kunali bokosi la maliro latsopano, lonyezimira, lomangidwa ndi zingwe. Wa mafoni awiri anali atatsika kale. Anali atandiona ndikuwakhazika amama, ndipo monga mwana woleredwa bwino anayamba kukapereka ulemu kwa akuluakulu. Ndinataya mabanzi n'kuthamanga, koma ndinamupeza atagwada kale, mafoni ataika pansi, akuomba m'manja.

"Amama, pepani ndi zovuta zimene zatigwerazi. Bwana wamva, ndipo wati musavutike ndi bokosi, tagula kale. Tikuperekezani mpaka kumudzi."

Amama anamuyang'ana, anayang'ana pikapu.

"Bokosi la ndani, mwananga?"

Apo m'pamene bamboyo anatembenukira kwa ine. Nkhope yake sindidzaiiwala. Kwa iye chinthu chikaikidwa pa intaneti m'mawa, pofika masana ndiye kuti dziko lonse lamva. Sizinamubwerere m'mutu kuti pangakhale munthu mmodzi wotsala, ndi kuti wotsalayo angakhale mlongo wa womwalirayo. Mnzake amene ankayenda naye anali atakweza kale foni kuti ajambule thandizo la bwana kwa anamfedwa. Ndinaimenya foniyo, inakagwera pansi pa galimoto. Zimene ndinawanena anthu awiriwo pa siteshoni paja sindingazilembe, ndine mayi wa mpingo.

Ndinagwada n'kuwagwira amama mapewa, ndikudikira kuti agwe. Sanagwe. Sanalirenso. Anangogwira dengu lawo mwamphamvu, n'kundifunsa ndi mawu apansipansi.

"Unadziwa kuchokera m'mawa?"

"Eya, amama. Atsibweni aang'ono anati ndisanene."

"Iwe unachita bwino. Nanga awa amva bwanji?"

"Zili pafoni, amama. Anaika chithunzi."

"Pafoni ya aliyense?"

"Eya."



"Ndiye anthu onse a m'minibasi muja ankadziwa? Ndi mayi wa nkhuku uja?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Ine n'kumawauza za phala."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kulira kulikonse. Mwambo wathu umabisira munthu imfa kuti umusunge, ndipo wodziwa amakhala mmodzi, wotumidwayo. Koma apa dziko lonse linkadziwa, makondakita, ogulitsa mabanzi, ana asukulu, ndipo amama anga ndi amene anasanduka choonerera, akukonzera phala munthu amene alendo anali atamulira kale ndi tizithunzi ta manja. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndikamalemba pano mkwiyowo ukubweranso.

Ndinati tidikire galimoto yathu, ya anthu awa sitikwera. Amama anakana.

"Mlongo wanga ali pamphasa, bokosi lili pano. Ukufuna ligone ku Chipata chifukwa cha mkwiyo wako? Tiye."

Wa mafoni awiri anawatsegulira chitseko cha kutsogolo, iwo anapukusa mutu. Anati akhala kumbuyo. Tinawakweza, anakhala pansi pambali pa bokosi lopanda munthu, dengu lili pamiyendo, dzanja limodzi atagwira chingwe. Ine ndinakhala mbali inayo. Ndinauza dalaivala kuti akangoyatsa zimkuzamawu ndimugwetsera mumtsinje, ndipo sanayatse.

Msewu wa ku Vubwi amene anaukwerapo amaudziwa. Bokosi linkadumpha, ife n'kumalikanikiza. M'midzi ya m'njira ana ankathamangira galimoto akuimba nyimbo ya chipani, akufuna matisheti, akaona bokosi n'kuima. Kudzera pagalasi la kumbuyo ndinamuona wa mafoni awiri akutsegula uthenga wanga uja wa m'mawa. Anauwerenga, anatembenuka kundiyang'ana, kenaka anaweramitsa mutu osadzutsanso. Munthu amene ntchito yake inali kutumiza mauthenga tsiku lonse analibe nthawi yowerenga umodzi. Pambuyo pake anapepesa kangapo, anabweranso pabenchi maliro atatha, ndipo ndikudziwa kuti sanachite dala. Ndinamuuza kuti pepani sapoletsa chilonda. M'gulu lija ndinatulukamo tili pagalimoto pomwepo, netiweki isanathe.

Njira yonse amama sanagwetse msozi. Ndinkawayang'ana pakamwa ndi m'maso, kuopa kuti BP yakwera. Ndinawapatsa madzi, anamwa. Ndinawafunsa ngati mutu ukuwawa, anati ayi. Ndinayamba kuopa kukhala chete kwawoko kuposa kugwa, chifukwa mayi wa kwathu akamva imfa ya mlongo wake amalira pomwepo, ndipo akamayandikira mudzi amayamba kubuma ali patali kuti a pamaliro adziwe kuti mwini wake wafika.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Ndinauza dalaivala kuti aime patali ndi nyumba ya siwa, pafupi ndi kwa atsibweni aang'ono. Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa mango, anali atayala mphasa. Azakhali awiri okalamba anali atakhala chakumapeto kwake, pakati atasiya malo. Atsibweni aang'ono anali pampando, chipewa chili pabondo. Anali atadikira pamenepo kuyambira masana, ndipo anali atauza a kunyumba ya siwa kuti achepetse kulira galimoto ikamveka. Kumudziko za posita anali asanamve. Anangoona mlongo wawo akutsitsidwa pagalimoto ya chipani, pambali pa bokosi.

Atsibweni anaimirira, anandiyang'ana, ine n'kuyamba kufotokoza. Mmodzi wa azakhali aja anagwira nsonga ya mphasa kuti aipinde, poti ntchito yake inali itatha.

"Isiyeni," anatero amama.

Anayenda ndi mwendo wawo wokokawo, anavula nsapato, n'kukhala pakati pa azakhali awiriwo pamalo amene anawasiyira. Dengu analiika patsogolo. Anakonza chitenje chawo, n'kuyang'ana mlongo wawo wotsalayo.

"Ndabwera, achimwene. Mwana anati matenda akula. Za m'njira sindinazimve. Ndiuzeni inu."

Atsibweni anakhalanso pampando. Anapukuta kumaso ndi chipewa, anatsokomola, n'kuyamba monga mmene akanayambira. Anawafunsa za ulendo, amama anati ayenda bwino. Anafotokoza mmene matenda anakulira sabata imeneyo, mmene anayesera kuchipatala, zimene wodwalayo anadya komaliza, ndi kuti dzulo lake anafunsa ngati mtedza wa ku Sinda wauma. Azakhali anasendera pafupi, wina anagwira dzanja, wina msana. Kenaka atsibweni anati, "Alongo, tayesetsa, koma zatikanika. Achimwene atisiya m'bandakucha wa lero."

Pamenepo m'pamene amama analira. Anakuwa dzina la mlongo wawo, limene ankamuitana ali ana, n'kugwera m'manja mwa azakhali. Dengu linagubuduka, malalanje n'kumwazikira pamphasa. Kunyumba ya siwa amayi anamva, nawonso anayamba, mudzi wonse n'kulandira.

Wa mafoni awiri anali ataima pafupi ndi pikapu, mafoni onse ali m'thumba. Ine ndinagwada n'kuyamba kutola malalanje. Madzulo ake atsibweni aang'ono anandiitana n'kunena kuti, "Tsopano abale onse amva. Ukhoza kulemba."